Besi wa pa Nsanja

Sajeni wina analowa m'tchalitchi ulaliki uli mkati, nsapato zikugogoda pamiyala, nakakhala pabenchi ya kutsogolo kwa Keziah Tapscott. Mayiyo atangoona jekete lake lofiira la usilikali, anadziwa kuti zavuta. Mwana wake Jabez anali kumbuyo, pa nsanja ya oimba pamwamba pa chitseko.

Jabez anathawa kunkhondo ya ku Spain. Anafika m'mudzi nthawi yometa nkhosa ali mafupa okhaokha, ndipo mudzi wonse unasunga pakamwa, poti aliyense ankadziwa kuti wothawa usilikali akagwidwa amalandira chipolopolo. Amake anamupempha mpaka kumugwadira kuti azibisala kukhola. Koma mwana wa Tapscott ungamumane chakudya, osati nyimbo. Chichokereni iye, oimba analibe besi, masalimo ankayenda ngati ngolo yoguluka gudumu. Anzake atamunong'oneza kamodzi kokha, anakwera nawo.

Kutsika tsopano sakanatha, chifukwa makwerero a nsanjayo ankalira munthu akangopondapo. Padakali pano sajeni anali atamufulatira. Koma salimo likayamba, mpingo wonse unkaimirira, kufulatira guwa, n'kuyang'ana oimba, monga ankachitira makolo.

Chibadwire, Keziah anali asanapemphepo Mulungu kuti abusa atalikitse ulaliki. Tsiku limenelo anapempha. Abusa nawo, amene masiku onse ankalalikira mpaka nyama kupserera m'makomo, anasankha tsiku lomwelo kufupikitsa.

Mayiyo anayesa kukodola a Obadiah Yeo, kalaliki wa tchalitchi, kuti alidumphe salimolo. Mkuluyo anaganiza kuti akupatsidwa moni, anagwedeza mutu mwaulemu, n'kulengeza ndi mawu ake onse kuti tiimbe motamanda Mulungu. Mabenchi anachita phokoso, anthu akutembenuka.

Keziah anagwira mkono wa jekete lija. Anati chizungulire chamugwira, bwana amuthandize kutuluka ndi kakhomo ka m'mbali.

"Salimo lithe kaye, mayi," anatero sajeni. "Ndayenda ulendo wautali."

Anatembenuka, nakweza maso.

Oimba anali atachita zomwe akanatha. Mmodzi wa iwo, wosula zitsulo, anaima kutsogolo atatambasula mapewa, woimba chitoliro anasendera pambali pake, ndipo Jabez ananjuta kuseri kwa chivayolini chachikulu, chongooneka n'kansonga ka tsitsi. Keziah anapumako pang'ono. Mwina Mulungu sanamutaye.

Kenako anazindikira nyimbo yomwe oimbawo anaiyamba. Inali ija ya mawu othamangitsana, imene pamzere womaliza onse amakhala chete, besi n'kuyamba yekha, ena n'kumalowa pambuyo pake mmodzimmodzi.

Anafika pamzerewo. Tchalitchi chonse chinangoti zii. Wa chitoliro anadikira, milomo ili pabango. Wosula zitsulo anayasama kuti ayese, koma mawu sanatuluke. "Khala chete, mwanawe," Keziah anatero chamumtima, zala zitakanirira pabenchi. "Lero lokha, khala chete."

Mawu anatuluka kuseri kwa chivayolini, akuya, odzaza nyumba yonse, ndipo mwini wake anadzuka nawo, poti besi saimbika munthu atanjuta. Sajeni anamuyang'anitsitsa osaphethira mpaka Ameni.

Keziah analira poyera, osasamala za anthu. Anali atamulira kale mwanayo pomwe ankapita kunkhondo, ndipo tsopano amuliranso ali naye pafupi chonchi. Anthu sanathamangire kukhomo monga mwa masiku onse. Anangoima m'mabenchi, maso pansi.

Sajeni anamufunsa ngati iye ndiye mayi wa Jabez Tapscott. Keziah anavomera ndi mutu, nayamba kumuchonderera kuti mwanayo ndi mmodzi yekhayo, bambo ake anatsikira kulichete, atenge nkhosa zonse ngati akufuna. Munthuyo anamudula ndi dzanja, nayankhula mokweza kuti mpaka a Obadiah amve.

"Ndabwera ndi uthenga wa maliro, mayi. Mwana wanu anafera ku Spain. Ndinamukwirira ndi manja angawa, ndipo akuluakulu ndinawauza kale."

Kenako anawerama, natsitsa mawu.

"Koma malemuwo muwauze asamathamange poimba mzere womaliza. Nkhondo yonse ija ndinkawauza zomwezi."