Nkhuku za a Chikaonda

Masiku ano m'mudzi muno sunganene mnzako kuti wathira poizoni, makina onunkhiza a pamsika asanatchule dzina la mankhwalawo. A Chikaonda anapita nazo kumsikako nkhuku zawo zakufa, atakonzeratu mawu okalalatira alamu awo, amene anali atawamana moni sabata yonse powaganizira kuti ndiwo anapha nkhukuzo.

Makina anatentha kachidutswa ka chiwindi, n'kutchula mankhwala ophera anankafumbwe.

"Si amene munathira m'chimanga chathu aja, bambo?" anafunsa akazi awo, a Nachisale. "Munati supuni imodzi ndi ya anthu amantha, n'kuthira zinayi."

A Chikaonda anameza mawu onse anakonzeratu aja. Anagwira tambala yekhayo wotsala n'kupita naye kukapepesa.

"Landirani alamu," anatero. "Koma musanadye, mukamuyezetse kaye."