Mayina a Lachisanu

Dzuwa litapendeka, banja la a Timoti linali pakhonde, likusankha manachesi opita nawo kumsika wa ku Thambani. Abwino m'dengu, ophwanyika pambali. A Esinati, akazi awo, anatulutsa thobwa m'chikho chimodzi monga mwa masiku onse. A Timoti anamwa, napukuta pakamwa, napatsira mwana wawo Deliwe.

Deliwe sanalandire. Analowa m'nyumba n'kubwera ndi makapu atatu.

"Kuyambira lero aliyense kapu yake," anatero, n'kukakhala kumapeto kwa khonde, nkhope atalozetsa kumunda.

"Ndiye za ku ofesi zimenezi?" a Esinati anaseka. "Chikho chomwechi chakulera mpaka wadziwa taipi, lero chanyansa?"

A Timoti sanaseke. Iwo anali atawerenga kale zizindikiro.

Anakhala zaka zisanu ndi zinayi pansi pa nthaka ku Joni. Anabwerako ndi njinga, wailesi, ndi chifuwa chimene chinkadzuka nyengo yozizira iliyonse. Madokotala ofufuza chifuwa chachikulu mwa anthu obwera ku migodi atatsegula kaofesi ku Thambani, analemba Deliwe ukalaliki. Kwa zaka ziwiri iye ndiye ankalandira amuna otsokomola m'kachipinda kopanda windo, kulemba manambala pa timabotolo ta makhololo, ndi kutaipa mayina a oyenera kugonekedwa. Zithunzi za m'chifuwa zinkapita ku Blantyre ndi manambala okhaokha. Zikabwerako, Deliwe yekha, wosunga buku lalikulu la mayina, ndiye ankadziwa kuti nambala iyi ndi yandani.

Tsiku limene galimoto ya makina ojambula inafika, amuna anakana kuvula malaya, ati makinawo amayamwa magazi. Deliwe anayamba ndiye kuimapo, kuti aone kuti munthu amatulukamo wamoyo. A Timoti anachita manyazi, natsatira. Tsopano panali patapita milungu itatu.

Lolemba, Deliwe anatenga kamwana kake Betty, kamene kankagona pachifuwa pa agogo ake aamuna masana alionse, n'kukakasiya kwa azakhali ake kutsidya kwa mtsinje. Lachiwiri anatsegula mawindo onse, kunja kuli chiperoni. Lachitatu anadyera payekha. Lero makapu.

A Esinati atapita kukabwereka dengu lina, a Timoti anayankhula chapansipansi, maso ali pa nachesi limene ankasenda.

"Zabwera zija?"

"Zabwera, bambo. Galimoto idzatenga anthu mawa m'mawa." Deliwe anaika kapu yake pansi. "Bambo, ine ndimafuna ndikuuzeni kuti..."

"Usanene. Unasayina kuti za mu ofesi sizituluka. Masiku ano ndi khoma lomwe limanyamula mawu. Ndamva kale, mwana wanga."

Deliwe anawayang'ana, misozi ili lengelenge.

"Mwadziwa?"

"Ndine mwana ine? Ungondiuza, amagoneka masiku angati?"

"Miyezi iwiri. Jakisoni tsiku ndi tsiku."

"Amabwerako?"

"Ena amabwerako." Anayang'ana kutsidya. "Koma miyezi iwiri ndi yambiri kwa mwana wa zaka ziwiri. Amaiwala nkhope."

Mawu amenewo anawalasa a Timoti kuposa chifuwa. Anafuna kuwoloka mtsinje kuti akangomuona Betty, ngakhale patali, koma anaopa kumutengera mpweya wawo. Anangokhala, nachesi losenda lili m'manja, osalidya.

"Amayi ako tisawauze lero," anatero. "Agone kaye."

Deliwe anavomera ndi mutu.

Dzuwa lisanalowe anazungulira munda wawo. Anaika mphanda pansi pa nthambi zolemedwa ndi zipatso. Ananola makasu onse, ndi losweka mpini lomwe. Anakonza chitseko cha khola chimene anakhala akuchizengereza chaka chathunthu. A Esinati anadabwa.

"Bambo a Deliwe, kwagwanji? Kapena kukubwera alendo a chipani?"

"Ntchito siidikira munthu," anayankha, akubisa chitsokomolo m'dzanja.

Kutacha, Deliwe analawirira ku ofesi, a Esinati anasenza dengu kupita kumsika. A Timoti anatsitsa chikwama chawo chakale cha ku Joni. Anaikamo bulangete, Baibulo, sopo, ndi khadi la chipani, poti popanda ilo ndi pageti pa chipatala pomwe munthu akhoza kubwezedwa. Anatseka nyumba, nakaima pamsewu wodutsa kuseri kwa khola.

Landirova inafika dzuwa litakwera pang'ono. Kumbuyo kunali amuna anayi, aliyense atakumbatira kamtolo kake. Deliwe anatsika kutsogolo, pepala lili m'manja. Ataona chikwama, anaima chilili. Kenaka anawerenga mayina a m'mudzimo. A Laston, anzawo a ku Joni, anakwera. Mkulu wina wa kumtunda anakwera. Deliwe anasiya kuwerenga.

A Timoti anasendera pafupi.

"Wandidumpha. Usandibise, mwana wanga, angakuchotse ntchito. Ndakonzeka."

"Kodi dzulo mumanena zimenezi?" anafunsa Deliwe. "Chifuwa chanu ndi fumbi lakale la kumgodi chabe, bambo. Inu simulimo."

Anapereka pepala lija kwa dalaivala. "A Aufi, lomalizalo werengani ndinu. Ndalitaipa ndekha, koma pakamwa likukana."

A Aufi anavula chipewa, nawerenga: "Deliwe Timoti."

"Ndibwerekeni bulangetelo, bambo, akuti kuwodi kumazizira," anatero Deliwe. Anakwera kumbuyo, amuna aja namusendera malo.