Agogo a Jekete Lonyowa

Ndinafika m'tauni ya Takoma Park kunja kutada, kudzagona kwa mayi Doris, azakhali a mnzanga. Ndinawapeza pakompyuta, akusakasaka dzina la malemu agogo awo, a Halvor, m'maina a anthu amene anachoka ku Norway pa sitima zapamadzi. Dzina la sitimayo sankalidziwa.

Kwathu mlendo sadumpha wamkulu, ndiye ndinakapatsanso moni bambo okalamba omwe anakhala pakona, jekete likudontha madzi.

"Wandiona, mwanawe?" anaseka. "Umuuze asake sitima ya Solbris."

Ndinawauza. Mayi Doris anasaka, kenako n'kudumpha ndi chimwemwe.

"Halvor uyu! Wakuuza ndani?"

"Agogo ali pakonawo."

"Mwanangu, ine ndimakhala ndekha."

M'mamawa ndinanyamuka osamwa tiyi. M'sitima yapamtunda ya Metro, mpando woyandikana nane unali wonyowa.

"Tikutsikira pati, mwanawe?" anafunsa mawu a agogo aja.