Chigamba cha Nkhanu

Padangokhala Katumbu, wosamala bwato lowolotsa nyama zonse pamtsinje. Bwatolo linkalowa madzi. Tsiku lina Nkhanu anabwera ndi chigamba cha utomoni chimene anapanga yekha.

"Achimwene, matani pabwatopo, madzi sadzalowanso."

"Mwina n'chabwino," anatero Katumbu, "koma m'bwatomu mumakwera ana ndi nkhalamba zosatha kusambira. Tiyambe tamata pa kabwato aka, akwere ofuna okha."

Nkhanu anakhumudwa, koma analola. Achule okha ndiwo anadzipereka. Atafika pakati pa mtsinje chigamba chinamatuka, achule aja n'kusambira mpaka kutsidya akuseka.

Nkhanu anakabisala pansi pa mwala ndi manyazi. Katumbu anamutsatira atanyamula utomoni wina.

"Tulukani, palibe wamira. Achule akuti mukachikonza, mawa akweranso."