Tizilombo Tanga M'chitini cha Palafini

Ndinawapeza ba Nsofwa, eni nyumba, atanyonyomala m'dimba langa la repu, chitini cha palafini chili m'manja.

"Winifred, bwela uone! Tudoyo tonse tofiila napaya."

M'chitinimo munkayandama tizilombo ta madontho akuda, titafa. Ndinatitola ndekha masabata atatu m'maudzu a ku Woodlands n'kudzatiika m'dimbamo kuti tizilomboto tizidya nsabwe za m'masamba.

"Ba Nsofwa, utu ndiye tumadya nsabwe! Munanifunsa?"

"Pa yadi yanga nizifunsa iwe?"

Ndinatembenuza tsamba limodzi. Nsabwe zinangoti mbuu, zonenepa, popanda wozidya. Repu wotere ndani angamugule Loweruka kumsika wa Chilenje?

Iwo anadzuka, napukuta manja pachitenje.

"Nalema, mwana wanga. Nithyoleleko ka ndiwo."