Malangizo Achikasu

Pa sikirini yaikulu ya mu ofesi, kasitomala wongoyerekezera anapempha kuti firiji yake ibwere Lachisanu m'malo mwa Lachiwiri. Wothandiza wa AI anamuyankha mwaulemu ndithu, kenako n'kumuitanitsira firiji yachiwiri.

Akatakwe anaseka mpaka mpando unalira. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pa kampani yogulitsa katundu pa intanetiyi, ndipo iwo sanalikanepo.

Wothandizayo anali ndi zida zingapo: chosinthira tsiku, chothetsera oda, choitanitsira katundu. Ankasankha chida pongowerenga mawu ofotokoza ntchito yake. Mawuwo akapotoka, nayenso ankapotoka. N'chifukwa chake abwana analamula mayeso. Akatakwe apereke malangizo awo ofotokoza zidazo, Amake Mapasa, amene anali atangoyamba kumene ntchito, aperekenso awo. Mayina anabisidwa. Malangizo ena anawapaka mtundu wabuluu, ena wachikasu. Wolephera amuchotsa pa ntchito ya AI, akakhale pansi kumayankha mafoni a anthu okwiya.

Akatakwe sanatuluke thukuta. Anangotumiza fayilo yomwe analemba kalekale, osaitsegula n'komwe.

Chisokonezo cha firiji chija chinabwera ndi malangizo achikasu. Atamufunsanso funso lomwelo ndi abuluu, wothandizayo anasintha tsiku bwinobwino. Akatakwe anawerenga malangizo abuluuwo mokweza: "Chida ichi chimangosintha tsiku. Sichiitanitsa katundu wina. Ngati galimoto yanyamuka kale, usachikhudze, funsa munthu." Anagwedeza mutu mokhutira. Mawu amenewa ankawanena tsiku ndi tsiku pophunzitsa anthu. Mwana wako sungamusowe pagulu.

Achikasu anali achidule ngati moni wa munthu wokwiya: "Chida cha maoda. Gwiritsani ntchito monga mwa masiku onse." Koma wothandizayo alibe masiku onse. Sakhala nawo pa misonkhano, ndipo funso lililonse amaliyamba ngati mlendo wofika lero. Choncho anathetsa oda ya munthu amene ankangofuna kusintha adiresi. Wina atafunsa mtengo wa ketulo, anamutumizira ketuloyo.

Ofesi yonse inali phwetephwete, kupatula Amake Mapasa. Iwo ankangoyang'ana pansi, uku akupotokola chingwe cha chaja. Kenako anadzuka mwakachetechete n'kubwera ndi kapu ya tiyi, n'kuikhazika pamaso pa Akatakwe.

"Musadandaule, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Zimachitika."

Kuseka kwa Akatakwe kunathera pomwepo. Munthu madzi afika m'khosi, koma akutonthoza wina! Anamva chisoni, ndiponso manyazi. Anakumbukira mayiyu akuwatsatira m'makhonde ndi laputopu, kufunsa chilichonse, iwo akuyankha akuyenda. Anakumbukiranso chithunzi cha mapasa chomata pa desiki. Kumafoni amaweruka mochedwa, ndiye anawo akawatenga ndani kusukulu?

Mayeso atatha, abuluu anali atakhoza pafupifupi mafunso onse. Achikasu anangokhoza mwangozi apa ndi apo. Abwana asanaulule mayina, Akatakwe anaimirira n'kukonza tayi.

"Bwana, ndipempheko. Amene walemba achikasuyu musamuchotse. Walemba zoseketsa, inde, mwinanso analemba akusinza. Koma kugwa m'matope si kufa. Palibe anabadwa akudziwa."

"Ndiye tichite naye bwanji?" abwana anafunsa, akuyang'ana pa foni yawo, milomo ikunjenjemera ngati munthu wobisa chifuwa.

"Mumupereke kwa amene wapambana. Akhale pambali pake mwezi wonse, aphunzire kulemba chiganizo ndi chiganizo. Ndipo azimufulira tiyi mphunzitsi wakeyo, ulemu uzioneka."

Mawu omalizawo anawanena akutsinzinira diso Amake Mapasa kuti awalimbitse mtima. Mayiwo anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Akatakwe anaona kuti ndi misozi yothokoza, ndipo mtima wawo unakhala m'malo.

"Zamveka, ndavomera zonse," anatero abwana. "Amake Mapasa, abuluu aja munawalemba bwanji?"

"Ndinangolemba zomwe achimwenewa amandiuza pakamwa, bwana."

Abwana anatembenukira kwa Akatakwe n'kuwalozera kukhitchini. "Mwamva? Mphunzitsi wanu amamwa wopanda shuga."