Chikwangwani cha Nagama

Lamulo la masiku ano limati dzina la munthu lizikhala pa bizinesi imodzi yokha. Nagama anali atapenta kale chikwangwani cha shopu yake ya mandasi, "Kwa Mkwezalamba," dzina la mwamuna wake. Apongozi ake aakazi anabwera kudzaonerera.

Nagama anafunsa makina apakhoma olembetsera mayina a mabizinesi ngati dzinalo lidakalipo.

"Linatengedwa," makinawo anayankha mokweza. "Mwiniwake analipereka ku saluni ya Mayi Esinati ku Lunzu."

Mkwezalamba, amene anali pomwepo, anawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato zomangamanga kale.

Nagama anatembenuzira chikwangwanicho kukhoma. "Pepani amayi, mwamvera zoterezi m'nyumba mwanga."

Apongoziwo anatola bulashi yopentera, maso ali pansi. "Lembani dzina langa, amake Tadala. Manyaziwa ndinabereka ndine."